Wogogoda ndiye amavala suti

Mu February 2025, amuna awiri analowa mu Oval Office, ofesi ya mtsogoleri wa dziko la America, ndipo onse sanavale suti. Woyamba anali Elon Musk, pa 11 February. Anaima pafupi ndi tebulo la Donald Trump atavala tisheti, chikhothi chakuda pamwamba, kapusi kumutu, n'kumayankha mafunso a atolankhani okhudza ndalama za boma. Wachiwiri anali Volodymyr Zelensky, mtsogoleri wa Ukraine, pa 28 February. Anabwera ndi malaya akuda a manja aatali, mtundu wa zovala zomwe wakhala akuvala kuyambira pomwe asilikali a Russia analowa m'dziko lake mu 2022. Uyu ndiye anapanikizidwa. Mtolankhani wina anamufunsa, makamera akujambula, chifukwa chomwe savalira suti, komanso ngati ali nayo n'komwe. Zelensky anayankha kuti adzavala nkhondo ikadzatha. Atabweranso mu August chaka chomwecho anali atavala jekete lakuda lokhala ngati la suti, ndipo mtolankhani yemwe uja anamuyamikira kuti watchena.

Chipinda chomwecho, mwezi womwewo, koma funso linagwera munthu mmodzi. Musk panthawiyo anali wolemera kuposa wina aliyense padziko lapansi, komanso mnzake wa mwini nyumba. Zelensky anabwera kudzapempha thandizo.

Timakonda kunena kuti suti ndi chovala cha anthu amphamvu, moti azungu anafika poipatsa dzina loti power suit. Koma mukaitsata mbiri yake ya zaka zoposa 350, mupeza kuti amene amaifuna kwambiri ndi munthu amene ali pakhomo, akugogoda, akufuna kuti a m'nyumbamo amukhulupirire. Aliyense amene wayendapo ndi envulopu ya khaki m'misewu ya Lilongwe kapena Blantyre, thukuta lili kamukamu mkati mwa jekete lobwereka, nkhaniyi akuidziwa ndi thupi lake.

Mfumu yosowa ndalama

Olemba mbiri ya zovala ambiri amaloza tsiku limodzi ngati chiyambi cha suti: 7 October 1666. Mfumu ya England inali Charles II, ndipo zinthu zinali zitathina. Mu 1665 mlili unapha anthu pafupifupi 100,000 mu London. Mu September 1666 moto unayaka masiku anayi n'kupsereza nyumba zoposa 13,000. Dziko linali pankhondo ndi Holland, ndipo mfumu inkafuna kuti nyumba ya malamulo ivomereze ndalama zina zomenyera nkhondoyo. Vuto linali loti anthu ankaidziwa bwino mfumu yawo: yokonda zisangalalo, yozunguliridwa ndi anthu ovala silika, malesi ndi maliboni motsanzira a ku France. Charles sanaiwalenso kuti bambo ake, Charles I, anadulidwa mutu mu 1649 atalimbana ndi nyumba ya malamulo.

Ndiye anauza nduna zake kuti akukhazikitsa kavalidwe katsopano komwe sadzakasinthanso. Tikudziwa izi chifukwa Samuel Pepys, mkulu wina wa ku ofesi yoyang'anira zombo zankhondo, ankalemba m'buku lake zochitika za tsiku lililonse. Iye analemba kuti cholinga chinali kuphunzitsa olemekezeka kusasakaza chuma. Patatha sabata, mfumu inatulukira itavala chovala chamkati chofika cha m'mawondo, chikhothi pamwamba pake, ndi kabudula womanga m'mawondo. Zovala zitatu zoyendera limodzi. M'kupita kwa zaka chamkati chija chinafupika n'kukhala wesikoti, kajekete kopanda manja kaja. Chikhothi chinakhala jekete. Kabudula anatalika n'kukhala buluku.

Pepys analembanso mphekesera yoti Louis XIV wa ku France, pofuna kunyoza mnzakeyo, anaveka antchito ake apakhomo zovala zomwezo. Charles nayenso lonjezo loti sadzasintha sanalisunge, chifukwa pasanathe zaka zambiri zokometsera za ku France zinabwereranso kunyumba yachifumu. Komabe zovala zitatu zija zinatsala. Choncho suti yoyamba inasokedwa kuti munthu wofuna ndalama za ena aoneke wodziletsa. Ngakhale mfumu inaivala pogogoda.

Mnyamata wopanda minda

Kwa zaka zina zoposa 100, mwamuna wolemera wa ku Ulaya ankaonekerabe patali: wigi yothira ufa woyera kumutu, nsapato za gogoda, chikhothi chopeta ndi ulusi wagolide. Zinasintha anthu wamba a ku France ataukira mafumu awo mu 1789. Louis XVI anadulidwa mutu mu 1793, ndipo kuoneka wolemera kunasanduka chinthu choopsa. Ku Britain boma linaika msonkho pa ufa wothira m'tsitsi mu 1795, ambiri n'kungousiya. Amuna anayamba kukonda zovala za ubweya wa nkhosa zomwe eni minda a ku England ankavala pokwera mahatchi kumudzi.

Amene anasandutsa zovala zakumudzizi kukhala lamulo la m'tauni ndi George Brummell, wodziwika kuti Beau Brummell, wobadwa mu 1778. Iyeyu sanali wa magazi achifumu. Bambo ake anali mlembi wa nduna yaikulu Lord North, basi. Anapalana ubwenzi ndi mwana wa mfumu, yemwe pambuyo pake anakhala George IV, n'kupezeka ali pakati pa anthu a minda ikuluikulu ndi miyala yamtengo wapatali, zinthu zomwe iye analibe. Poona kuti mpikisano wa chuma sangaupambane, anasintha malamulo a masewerawo. Kwa iye kutchena kunali chikhothi cha buluu wodera chokwana thupi ndendende, malaya oyera mbee, kansalu ka m'khosi komangidwa mosamala, ndi kusamba tsiku lililonse, chomwe panthawiyo chinali chachilendo. Mitundu yowala ndi mafuta onunkhira kwambiri ankati n'zachimidzi. Olemera enieni aja anayamba kubwera kunyumba kwake m'mawa kudzaonerera mmene amavalira.

Mathero ake ndi omvetsa chisoni. Anayambana ndi mwana wa mfumu uja, juga inamulowetsa m'ngongole, ndipo mu 1816 anathawira ku Calais m'dziko la France. Anamwalira mu 1840 ku Caen, m'nyumba yosungira odwala misala, alibe kalikonse. Zovala zinamulowetsa m'nyumba, koma nyumbayo inali ya eni ake. Lamulo lake lokha ndi lomwe linakhalitsa: mwamuna wofuna ulemu avale zodera, zosachita phokoso, zomukwana. Mu 1930 katswiri wa za maganizo John Carl Flügel analemba kuti nyengo imeneyi amuna anataya ufulu wooneka okongola, n'kusankha kuoneka ngati anthu antchito. Mpaka lero, mukayang'ana chithunzi cha atsogoleri a mayiko ali pamsonkhano, mumaona mzere wa buluu wodera ndi phulusa.

Zomwe zili mkati mwa jekete

Zokometsera zikachoka, chotsala ndi msoko. Apa ndi pomwe matelala a ku London anapangira dzina, makamaka a mumsewu wa Savile Row, momwe Henry Poole anatsegula khomo la shopu yake mu 1846.

Luso lawo lagona pa khalidwe la ubweya wa nkhosa. Nsalu ya ubweya ikamva nthunzi ndi simbi yotentha imatambasuka pena, n'kukhwinyata pena, kenako imasunga maonekedwe omwe yapatsidwa. Telala amaiumba ngati dongo. Mkati mwa jekete labwino, pakati pa nsalu yakunja ndi yoterera yamkati ija, mumakhala nsalu yachitatu yolimba, yolukidwa ndi tsitsi la hatchi. Imeneyi imasokereredwa pamanja ndi timisoko tambirimbiri kuti chifuwa chitukuke, ndi kuti kolala yaitali yopindikira pachifuwa ija igone mofewa. Pamapewa amaikapo totukula pang'ono, m'chiuno amabwezamo. Zotsatira zake, munthu wa mimba kapena wa mapewa akugwa amaoneka ngati wothamanga. Bungwe la matelala a mumsewuwu limati suti yoyenera dzina la Savile Row idye maola osachepera 50 a ntchito ya pamanja, ndipo mwini wake amabwera kangapo kudzayesa isanathe.

Chodabwitsa n'choti suti yomwe timaidziwa leroyi, ya jekete lalifupi ndi buluku la nsalu imodzi, inayamba ngati chovala chopumira. Cha m'ma 1860 bwana ankaivala kumudzi kapena pocheza panyumba. Kuntchito ndi kunyumba ya malamulo ankavala chikhothi chakuda chofika m'mawondo ndi chipewa chachitali. Mu 1892 Keir Hardie, yemwe anayamba kugwira ntchito mumgodi wa malasha ali mwana ndipo pambuyo pake anakhala mmodzi mwa oyambitsa chipani cha Labour, analowa m'nyumba ya malamulo ya Britain atavala suti ya nsalu yokhakhala ndi kachipewa wamba. Manyuzipepala anachita naye phokoso ngati wanyoza nyumbayo. Tangoganizani: suti inali ngati kubwera kumsonkhano ndi zovala zothamangira. Nkhondo yoyamba yapadziko lonse itatha mu 1918, chikhothi chachitali chija chinazimiririka, suti n'kutenga malo ake mu ofesi.

Mafakitale ndiwo anaifikitsa kwa anthu wamba. Ku New York, Brooks Brothers, yomwe inayamba mu 1818, inali m'gulu la oyambirira kugulitsa masuti osokeratu. Ku Britain, Montague Burton, Myuda wochokera ku Lithuania yemwe anafika m'dzikomo mu 1900 ali mnyamata, anamanga fakitale ku Leeds yomwe inalemba ntchito anthu pafupifupi 10,000, n'cholinga choti kalaliki ndi wapamgodi athe kugula suti ndi malipiro awo. Nkhondo yachiwiri itatha mu 1945, boma la Britain linkapatsa suti msilikali aliyense wotuluka usilikali, ndipo ambiri mwa masutiwo anasokedwa kwa Burton. Boma linkadziwa kuti anyamatawo akukayamba kugogoda m'maofesi.

Chotsa chipewa

Kwathu kuno suti inabwera ndi amishoni, amalonda ndi atsamunda, ndipo inafika ndi funso lomwe ku London kunalibe: kodi munthu wakuda akavala ngati bwana, ndiye kuti akutanthauza chiyani?

Tulutsani K2,000 m'thumba, ngati ilimo, muyang'ane nkhope ya John Chilembwe. Anapita ku America mu 1897 ndi Joseph Booth, anaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, n'kubwerera mu 1900 kudzayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu. Zithunzi zake zimamuonetsa ali mu suti, ndipo ankalimbikitsa anthu a mpingo wake, amuna ndi amayi omwe, kuvala mwaudongo zovala zachizungu. Kwa iye uku kunali kunena kuti ndife anthu ofanana nanu. Azungu ambiri a m'minda ya thonje ndi fodya anamva uthengawo bwinobwino, ndipo sunawasangalatse. Munthu wakuda wophunzira, wovala jekete ndi nsapato, ankamuona ngati wamwano. Panalinso mwambo woti wakuda akakumana ndi mzungu avule chipewa, ndipo wochedwa kutero ankakalipiridwa kuti chotsa chipewa, pena kumenyedwa kumene. Kuukira kwa pa 23 January 1915 kutazimitsidwa, boma linakhazikitsa komiti yofufuza, ndipo nkhani ya chipewa inatuluka mobwerezabwereza mu umboni wa anthu akuda ophunzira.

N'chifukwa chake Samson Kambalu, mmisiri wa zaluso wobadwira ku Malawi yemwe amaphunzitsa ku Oxford, atapatsidwa mwayi woimika chiboliboli pa Trafalgar Square mu London mu September 2022, anasankha chithunzi cha mu 1914 cha Chilembwe ataima ndi mmishoni John Chorley. M'chibolibolicho, chotchedwa Antelope, Chilembwe ndi wamkulu pafupifupi kawiri kuposa mnzakeyo, ndipo chipewa chili kumutu. Kuchokera pamenepo kukafika ku Savile Row ndi ulendo waufupi wapansi.

Wina amene tonse timamudziwa ndi suti ndi Kamuzu Banda. Anakhala zaka zambiri ku Britain, kuphunzira ku Edinburgh ndi kugwira ntchito ya udokotala ku Liverpool, North Shields ndi London. Potsika ndege pa Chileka pa 6 July 1958 anali dokotala wa ku London kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ndipo suti ya zidutswa zitatu, chipewa chakuda ndi litchowa zinakhala chizindikiro chake mpaka kumapeto. Atsamunda pomugwira ku Limbe mbandakucha wa pa 3 March 1959 anamutenga ali m'zovala zogonera, n'kukamutsekera ku Gwelo, komwe lero ndi Gweru. Chaka chotsatira anali ku Lancaster House mu London, ali mu suti, akukambirana za tsogolo la Nyasaland ndi anthu omwe anamumanga.

Koma wogogoda akalowa, nthawi zambiri amasanduka mlonda wa pakhomo. Mu 1973 boma lake linakhazikitsa lamulo la kavalidwe, Decency in Dress Act, loletsa amayi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi, ndipo amuna ankaletsedwa kusunga tsitsi lalitali. Lamuloli linachotsedwa mu 1993. Funsani amayi anu, akuuzani.

Atsogoleri ena a mu Africa anayankha mosiyana. Kenneth Kaunda wa ku Zambia anasankha jekete lopepuka lopanda tayi, lomwe mpaka pano limatchedwa Kaunda suti. Julius Nyerere wa ku Tanzania ankavala jekete lotseka mpaka m'khosi. Mobutu Sese Seko wa ku Zaire anafika poletseratu suti ndi tayi mu 1972, n'kulamula amuna kuvala abacost, dzina lochokera ku mawu a Chifalansa otanthauza kuti suti igwe. Chiletsocho chinatha mu 1990. M'zaka zimenezo anyamata a ku Kinshasa, motsogozedwa ndi woimba Papa Wemba komanso motengera anzawo a kutsidya kwa mtsinje ku Brazzaville, anayamba kutchena masuti odula a ku Paris ndi Milan mwadala. Kumeneko suti ya mtsamunda inasanduka njira yokanira wolamulira wakuda. Ku Johannesburg nako, amuna achizulu okhala m'mahositelo, otchedwa oswenka, ankapikisana kutchena Loweruka usiku atagwira ntchito yakalavulagaga sabata yonse. Agogo athu ochokera ku Theba ankatsika basi ndi jekete, chipewa ndi wailesi, mudzi wonse n'kudziwa kuti munthu wabwerako ku Joni.

Mkanganowu sunathe. Mu November 2023 sipikala wa nyumba ya malamulo ya Kenya, Moses Wetang'ula, analetsa aphungu kulowa m'nyumbayo atavala Kaunda suti, ngakhale kuti mtsogoleri wa dzikolo, William Ruto, amaikonda. Patatha zaka 60 dziko lili pa ufulu, jekete ndi tayi za ku London zinapambanabe.

Mapewa aakulu a m'ma 1980

Dzina loti power suit linatchuka m'zaka za m'ma 1980, nyengo ya Ronald Reagan ku America ndi Margaret Thatcher ku Britain, pomwe malamulo oyendetsera misika ya ndalama anafewetsedwa ndipo anyamata a zaka ngati zathuzi ankalemera ndi foni ya pa desiki. Njira inali italambulidwa kale ndi buku la John T. Molloy la mu 1975, Dress for Success, lomwe linkalangiza ofuna kukwezedwa pantchito kuti azivala ngati mabwana awo.

Maonekedwe ake anachokera ku Italy. Giorgio Armani, yemwe anasiya maphunziro a udokotala n'kuyamba ntchito m'sitolo ya zovala ku Milan, anatsegula kampani yake mu 1975. Anatenga jekete lolimba la ku England n'kulichotsa zambiri za mkati zija, anatsitsa mabatani, anasankha nsalu zofewa zogwa ngati madzi, koma mapewa anawakulitsa. Matelala a ku Naples anali atayamba kale kupeputsa jekete m'ma 1930 chifukwa cha kutentha kwa kwawo, koma Armani ndiye anagulitsa maganizowo ku dziko lonse. Filimu ya American Gigolo ya mu 1980, momwe Richard Gere anavala zovala zake, inamutchukitsa ku America, moti mu 1982 nkhope yake inali pachikuto cha magazini ya Time. Amayi omwe ankalowa m'maofesi akuluakulu kwa nthawi yoyamba nawonso anatengera mapewa aakuluwo. Nawo anali pakhomo, ndipo ankadziwa kuti a m'katimo amakhulupirira thupi looneka bwanji.

Chithunzi chomwe chinatsala m'mitu ya anthu ndi cha Gordon Gekko mu filimu ya Wall Street ya Oliver Stone ya mu 1987: tsitsi lopesera kumbuyo, malaya a buluu a kolala yoyera, malamba a pamapewa ogwira buluku. Michael Douglas analandira mphoto ya Oscar chifukwa cha gawoli. Koma muionerenso filimuyo mosamala. Nkhani yake ndi ya Bud Fox, mwana wa makaniko wa ndege, yemwe akuimba foni tsiku ndi tsiku kufuna kuonana ndi Gekko. Atamulola kulowa, limodzi mwa malangizo oyamba omwe akupatsidwa ndi loti akagule suti yooneka bwino. Stone ankafuna kuti Gekko akhale chenjezo, munthu wadyera wolemera ndi chinyengo. Anyamata ambiri anangoonapo malaya ndi malamba aja, n'kuthamangira kukagula. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ndipo filimuyo inatuluka mu December, pasanathe miyezi iwiri chichitikireni tsoka la pa 19 October 1987, pomwe msika wa masheya wa ku New York unagwa ndi 22.6 peresenti tsiku limodzi.

Eni nyumba anavula

Kenako a pamwamba anayamba kuvula. Mu 1992 kampani ya Levi's, pofuna kugulitsa mabuluku ake a Dockers, inatumiza kabuku kolangiza za kavalidwe komasuka kwa mabwana olemba anthu ntchito pafupifupi 25,000 ku America, ndipo Lachisanu lopanda tayi linafala. Ndalama zazikulu zinasamukira kwa anthu a makompyuta. Steve Jobs ankavala juzi yakuda ndi jinzi. Mark Zuckerberg anatchuka ndi tisheti yotuwa. Mu March 2019 ngakhale banki ya Goldman Sachs, kuchimake kwa anthu a mtundu wa Gekko, inauza antchito ake kuti suti ndi tayi sizokakamizanso. Mu July 2020, Covid itatsekera anthu m'nyumba, Brooks Brothers inalengeza kuti yalephera kubweza ngongole, itachita malonda zaka 202.

Musafulumire kunena kuti suti yafa. Mu April 2018 Zuckerberg yemweyo anaitanidwa ndi aphungu a ku America kuti akafotokoze momwe zinsinsi za anthu ogwiritsa ntchito Facebook zinafikira ku kampani ya Cambridge Analytica. Anapita atavala suti ya buluu wodera, malaya oyera ndi tayi. Kwa masiku awiri amenewo tsogolo la kampani yake linali m'manja mwa ena, ndipo tisheti inatsala kunyumba. Ndi mmene zilili lero. Woimbidwa mlandu kukhoti ali mu suti. Wofunsira ntchito ali mu suti. Mlonda wa pahotela, woyendetsa galimoto ya bwana, wogulitsa inshulansi, onse ali mu suti. Mwini kampani wabwera ndi gofu ndi nsapato zothamangira.

M'dziko la mafashoni suti ikungosinthasintha thupi. Hedi Slimane, ali ku Dior kuyambira mu 2000, anaithinitsa mpaka kufika pa timasuti tothina tomwe tinadzaza maukwati athu zaka zapitazi, tija toti mkwati sangawerame kutola ndalama za perekaniperekani. Pano zikubwereranso zotakasuka, za mapewa aakulu, zofanana ndi za Armani, yemwe anamwalira pa 4 September 2025 ali ndi zaka 91. Mu May chaka chomwecho nyumba yosungira zaluso ya Metropolitan ku New York inatsegula chionetsero chotchedwa Superfine: Tailoring Black Style, chochokera pa kafukufuku wa Monica L. Miller wa mmene anthu akuda akhala akugwiritsira ntchito kutchena pofuna ulemu womwe ankamanidwa. Pa Savile Row pomwe pali shopu ya Ozwald Boateng, mwana wa makolo ochokera ku Ghana, yemwe anabweretsa mitundu yowala mumsewu wa buluu ndi phulusa.

Tsono ife titani?

Tinene zoona, ambiri a ife tidakali kunja kwa chitseko, ndipo kukana suti ndi ufulu womwe sitinaupeze. Masuti omwe maofesi a ku Ulaya ndi America akuvula ndi omwe akutipeza m'mabelo a kaunjika, ena mwa iwo osokedwa bwino kuposa atsopano onyezimira a m'sitolo. Ndiye ngati tikuvala, tivale modziwa.

Posankha jekete yambani ndi mapewa, chifukwa ndi malo omwe telala amavutika kuwakonza. Msoko wa phewa uthere pomwe phewa lanu lathera. Tsinani nsalu ya kutsogolo, m'munsi mwa batani, ndi zala zakunja ndi zamkati. Mukamva kansalu kachitatu kakuyenda pakati, mwapeza jekete losokedwa mwaluso. Ambiri otchipa amangomata ndi guluu, ndipo akachapidwa kangapo amatuluka matuza pachifuwa. Werengani kachikwangwani ka mkati: ubweya umapuma, poliyesitala imakuphikani, ndipo mu October wa ku Nsanje kapena Salima nzeru ya ku Naples ya jekete lopepuka ndi yomwe ikutiyenera. Zotsalazo, manja, chiuno, kutalika kwa buluku, pitani nazo kwa telala wa pakhonde. Ndi choko chake, tepi m'khosi ndi makina opalasa ndi phazi, akugwira ntchito yomwe Brummell ankaiona kuti ndiyo yofunika kuposa mtengo wa nsalu. Mkono wa malaya uzionekera pang'ono kunsonga kwa mkono wa jekete. Batani la m'munsi silimangidwa. Ulusi wopingasa womwe umatseka mpata wa kumbuyo ndi wongosungira jekete m'sitolo, dulani. Ndipo chonde anzanga, kachikwangwani ka dzina kosokerera pamkono kaja n'kochotsa.

Mukalowa m'chipinda cha intavyu, yang'anani mwakachetechete amene sanavale tayi. Kawirikawiri ndi amene adzasaine kalata. Ndipo zinthu zikadzayenda, inu n'kukhala mbali inayo ya tebulo, tsiku lina adzalowa mnyamata wochokera ku Ntchisi kapena ku Chitipa atavala jekete la malume ake, manja ofika m'zala, kachikwangwani kali pamkono. Mudzakumbukire kuti wakwera minibasi ziwiri ali m'jekete limenelo pofuna kukulemekezani. Mudzamufunse za ntchito.